Mayi ake a Henry VII sanakhale pampando: kodi anali ngati Nyangu?

Wa_ku_Kapata

Akuluakulu odziwa mbiri, ndimasulireni mfundo iyi. Mabuku amati Henry VII, amene anayambitsa ufumu wa banja la Tudor ku England mu 1485, magazi achifumu anawatenga kwa mayi ake, Margaret Beaufort. Atate ake, Edmund Tudor, analibe gawo pampandowo. Apa ndiye mutu wanga waima. Ngati mwini magazi anali mayiyo, ndipo anali moyo, wamphamvu zake, bwanji sanalowe yekha ufumu? Kapena Angerezi a nthawi imeneyo ankatsata kuchikazi monga ife Achewa, mwakuti Margaret anali ngati Nyangu wa kwa Gawa Undi, wobala mafumu koma osakhala pampando? Chinanso, akuti anakwatiwa kanayi, koyamba asanakwanitse n'zaka 10 zomwe. Ankamukwatitsa ndani, nanga chuma chake ankagwira ndani?

aPhiri_Katete

Achimwene a ku Kapata, tengani pepala mujambule mzere, chifukwa nkhaniyi ikafotokozedwa pakamwa pokha imasokonekera. Pamwamba lembani Edward III, mfumu imene inamwalira mu 1377. Pansi pake lembani mwana wake John of Gaunt. Gaunt anakwatira katatu, koma ife tikufunapo nyumba ziwiri zokha. Nyumba ya mkazi woyamba, Blanche wa Lancaster, ndiyo inatulutsa mafumu atatu otsatizana: Henry IV, Henry V ndi Henry VI. Nyumba inayo ndi ya Katherine Swynford, amene poyamba anali chibwenzi chabe. Anamubalira Gaunt ana anayi ukwati usanachitike, ndipo anawo anapatsidwa dzina la Beaufort. Woyamba kubadwa anali John Beaufort, Earl wa Somerset. Iye anabala John Beaufort winanso, Duke wa Somerset, ndipo ameneyu ndiye atate ake a Margaret, amene anabadwa pa 31 Meyi 1443 ku Bletsoe.

Tsopano werengani. Kuchoka pa Edward III kufika pa Margaret, magazi adutsa mwa amuna atatu motsatana. Palibe kuchikazi pamenepo. Pachichewa Margaret sakanawerengedwa n'komwe kuti ndi wa kubanja lachifumu. Akanakhala wa mbumba ya kwa mayi ake, Margaret Beauchamp, anthu olemera ndithu koma osayandikira mpando. Ndiye tembenuzani nkhani muone chodabwitsa. Edmund Tudor, amene mukuti analibe gawo, anali wa bere limodzi ndi mfumu Henry VI. Onse awiri, pamodzi ndi mng'ono wawo Jasper, anabadwa mwa Catherine of Valois, amene Henry V atamwalira anabereka ana ena ndi Owen Tudor wa ku Wales. Kukanakhala ku Mkaika, Edmund ndi Jasper ndiwo akanatchulidwa poyamba mfumu ikagona. Ku England ubale umenewo unawapatsa maudindo ndi minda basi, mpando ayi.

Magazi a Beaufort nawonso anali ndi chilema. Gaunt anakwatira Katherine mu 1396, Papa anavomereza ana aja, ndipo mu 1397 mfumu Richard II inawalembera kalata yowayesa ana a m'banja, imene inawerengedwa mu Nyumba ya Malamulo. Koma mu 1407 Henry IV, potsimikizira kalatayo, anaonjezamo mawu atatu a Chilatini, excepta dignitate regali, kutanthauza kuti alandire zonse kupatula ufumu. Mawu oonjezerawo sanadutse mu Nyumba ya Malamulo, n'chifukwa chake akatswiri amakanganabe ngati anali ndi mphamvu. Komabe adani a Henry Tudor anali ndi poloza chala.

Za chifukwa chimene sanalowere yekha: ku England kunalibe lamulo loletsa mkazi, kusiyana ndi ku France. Panali chikumbumtima cha zimene zinachitika kale. Henry I anamwalira mu 1135 atalumbiritsa nduna zake kuti zidzalonge mwana wake wamkazi Matilda. Ndunazo zinatembenuka n'kulonga Stephen, dziko linakhala pankhondo zaka zambiri, ndipo mapeto ake mwana wa Matilda, Henry II, ndiye analowa mu 1154. Chimene anthu anatolapo n'chakuti mkazi angathe kudutsitsa ufumu kwa mwana wake wamwamuna, koma kuti iye mwini akhalepo ndiye mkangano. A banja la York, amene ankalimbirana ufumu ndi a Lancaster, nawonso ufumu ankaulondola kudzera mwa akazi awiri, Philippa mwana wa Lionel, mkulu wake wa Gaunt, ndi Anne Mortimer. Mkazi woyamba kuvekedwa chisoti ngati wolamula payekha anali Mary I mu 1553, ndipo ameneyu anali mdzukulu wa Henry VII.

NaTembo_Chadiza

A Phiri amaliza za magazi. Ine nditenge za maukwati ndi chuma, chifukwa popanda kumvetsa malamulo a minda mungaganize kuti mtsikanayu ankangoponyedwa uku ndi uku popanda dongosolo. Dongosolo linalipo, lankhanza koma lomveka.

Munthu wamkulu ngati Duke wa Somerset minda yake ankaigwira kuchokera kwa mfumu. Akamwalira, wantchito wa mfumu ankasonkhanitsa amuna olumbira a m'deralo kuti anene zinthu zitatu: malemu anali ndi minda iti, mindayo imabweretsa ndalama zingati pachaka, ndipo wolowa m'malo ndani, wa zaka zingati. Wolowayo akapezeka kuti ndi mwana, mfumu inkatenga zinthu ziwiri: phindu la mindayo mpaka mwanayo atakula, ndi mphamvu yomusankhira banja. Ichi ndicho ankati wardship, ndipo chinali katundu monga ng'ombe, chogulitsika kapena chopatsa bwenzi. Mnyamata ankamasuka pa zaka 21, mtsikana msanga kuposa pamenepo. Wogula ankawerengera kuti akwatitse mwanayo kwa mwana wake asanamasuke, minda ilowe m'banja lake.

Atate ake a Margaret anamwalira mu Meyi 1444, iye asanakwanitse chaka. Minda imene inalembedwa kuti iziyenda mwa amuna okha inapita kwa bambo ake aang'ono, Edmund Beaufort. Yotsalayo inali yake. Henry VI anapereka ulonda wa mwanayo kwa nduna yake yokondedwa, William de la Pole wa Suffolk, ndipo pofika 1450 Suffolk anali atamukwatitsa kwa mwana wake John, onse awiri adakali tiana. Suffolk atazengedwa mlandu chaka chomwecho, umodzi mwa milandu unali wakuti akufuna kulowetsa mwana wake ufumu kudzera mwa Margaret. Anamupitikitsa m'dziko, koma anagwidwa panyanja n'kudulidwa mutu m'bwato mu Meyi 1450.

Ukwati woyambawo unatha mosavuta chifukwa cha lamulo la mpingo. Ana ankatha kutomeredwa kuyambira zaka 7, koma ukwati unkamangika mtsikana akafika zaka 12, mnyamata 14, ndipo asanafike pamenepo kapena atangofika ankatha kuukana. Mu 1453 unathetsedwa, ulonda n'kupita kwa Edmund ndi Jasper Tudor. Mu Novembala 1455 Edmund, Earl wa Richmond, mwamuna wa zaka zopitirira 20, anakwatira mwana amene iye mwini ankamuyang'anira, wa zaka 12.

Apa pali mfundo imene ambiri amaidumpha. Ngakhale nthawi imeneyo mabanja ambiri ankadikira kuti mtsikana akhwime asanalowe m'nyumba. Edmund sanadikire, ndipo lamulo la minda likutionetsa phindu limene linali pamenepo. Mkazi wokhala ndi minda akamwalira wopanda mwana, mindayo inkabwerera kwa abale ake, mwamuna n'kutsala manja lende. Koma pakabadwa mwana wamoyo, ngakhale atangolira kamodzi n'kumwalira, mwamunayo ankadya mindayo moyo wake wonse. Kuwerengerako sikunamupindulire. Anagwidwa ndi a York, anatsekeredwa ku Carmarthen, ndipo anamwalira ndi mliri mu Novembala 1456. Margaret, wamasiye wa zaka 13 ali ndi pakati, anathawira kwa mlamu wake Jasper ku Pembroke Castle, kumene anachira pa 28 Januwale 1457, n'kubadwa Henry. Uchemberewo unali wovuta kwambiri, ndipo sanaberekenso ngakhale anakhala m'maukwati ena awiri. Tikamanena za lamulo lathu la ku Zambia la mu 2023 loletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale wa pamwambo, thupi limene likutetezedwa ndi longa limeneli.

Wamasiye anali ndi zake. Lamulo linkamupatsa gawo limodzi mwa magawo atatu a minda ya mwamuna wake kuti adye moyo wake wonse, chimene ankati dower, ndipo Magna Carta, chikalata cha maufulu cha mu 1215, inati asakakamizidwe kukwatiwanso, ngakhale akafuna kutero ankayenera kupempha chilolezo cha mwini minda. Mufananize ndi lamulo lathu la mu 1989 la munthu womwalira wosasiya wilo: 20 peresenti kwa wamasiye, 50 kwa ana, 20 kwa makolo, 10 kwa ena odalira malemu. Kusiyana n'kwakuti dower sinali yake yoti agulitse. Akamwalira inkabwerera kwa wolowa m'malo mwa mwamuna. Mabanja ochenjera ankalemberanatu pangano ukwati usanachitike, kuti minda yakutiyakuti ikhale ya onse awiri ndipo wotsala aigwire. Pangano lotere ankati jointure.

Vuto linali lakuti wamasiye wachuma wopanda mwamuna anali ngati munda wopanda mpanda. N'chifukwa chake mu Januwale 1458, asanakwanitse zaka 15, anakwatiwa ndi Henry Stafford, mwana wa Duke wa Buckingham. Anali achibale, ndiye panafunika chilolezo cha mpingo, pakuti kuyambira pa msonkhano wa Lateran wa mu 1215 achibale mpaka m'badwo wachinayi sankakwatirana popanda kalata yotero. Kuiwala kalata imeneyi kunali kusiya khomo lotseguka: mdani akanatha kudzati ukwatiwo sunalipo, ana ndi apathengo, minda si yawo.

Wa_ku_Kapata

Zikomo amayi, mwanditsegula maso. Nanga mwanayo ankakhala ndi ndani? Ndimaganiza kuti anakulira pamsana pa mayi ake.

Jere_Mtenguleni

Pamsana ayi, achimwene. Lamulo lija a NaTembo afotokoza linaluma Margaret kawiri: linamugulitsa iye ali khanda, kenako linagulitsa mwana wake. Henry anali Earl wa Richmond chibadwire, choncho anali katundu wa mfumu. Poyamba anali m'manja mwa Jasper, amene kwa iye anali bambo wamng'ono, osati malume monga ena amamasulira molakwa. Edward IV wa York atalanda ufumu mu 1461, Pembroke Castle inagwa, ndipo William Herbert anagula ulonda wa mnyamatayo ndi mapaundi 1,000 n'kukamulera ku Raglan. Mayi ake ankangopita kukamuona. Mu 1471 a Lancaster anathera pankhondo ya ku Tewkesbury, mwana yekhayo wa Henry VI anaphedwa kumeneko pamodzi ndi amuna otsala a Beaufort, Henry VI mwini n'kufera mu Tower of London. Mwadzidzidzi mnyamata wa zaka 14 uja anakhala wofunika, ndiye kuti woopsa. Jasper anamuolotsa nyanja, anakafika ku Brittany, ndipo mayi ndi mwana sanaonanenso zaka 14.

Stafford anamwalira mu Okutobala 1471 ndi mabala amene anawalandira ku Barnet, akumenyera a York, taonani. Chaka chisanathe, mu Juni 1472, Margaret anakwatiwa ndi Thomas Stanley, mwini mphamvu ku Lancashire ndi Cheshire, munthu wodziwika pa kuyang'ana kaye kumene mphepo ikulowera. Ukwatiwu unamulowetsa m'bwalo la mfumu ya York. Ndipo tisamunamizire kuti kuyambira kale ankalota mpando. Chimene ankakambirana ndi Edward IV mpaka 1482 chinali chakuti mwana wake akhululukidwe, abwere kwawo, alandire cholowa chake.

Zinthu zinasintha mu 1483. Edward IV anamwalira mu Epulo, mng'ono wake Richard III anachotsa ana a malemuyo n'kudzilonga, ndipo anyamata awiriwo anazimiririka mu Tower. Pa mwambo wolonga Richard mu Julayi, Margaret ndiye ananyamula mchira wa mkanjo wa mfumukazi Anne Neville. Patangopita miyezi yochepa anali mkati mwa chiwembu. Njira yake inali yosavuta kuimvetsa. Wamasiye wa Edward IV, Elizabeth Woodville, anali atabisala ku Westminster Abbey, asilikali atazinga panja. Dokotala amalowa paliponse osafunsidwa zambiri, ndiye uthenga unkayenda ndi dokotala wa Margaret, Lewis Caerleon. Pangano linali lakuti Henry adzakwatire Elizabeth wa York, mwana wamkazi wamkulu wa Edward IV, kuti anthu a York okwiya ndi Richard akhale ndi chifukwa chotsatira mnyamata wa Lancaster. Reginald Bray, kapitawo wa chuma chake, ankasonkhanitsa anthu ndi ndalama.

Kuukira koyamba, mu Okutobala 1483, kunalephera. Magulu sanadzuke tsiku limodzi, mvula inadzaza mtsinje wa Severn n'kutsekereza mmodzi wa oukirawo, Duke wa Buckingham (mdzukulu wa Duke woyamba uja), ndipo namondwe anabalalitsa zombo za Henry. Buckingham anadulidwa mutu. Margaret anapulumuka chifukwa Richard sakanatha kukwiyitsa Stanley: Nyumba ya Malamulo ya mu 1484 inamulanda maudindo, minda yake n'kuipereka kwa mwamuna wake, ndi lamulo loti amusunge pamalo osalankhulana ndi anthu akunja. Kunali kusungitsa mbuzi kwa mwini khola. Pa Khrisimasi ya 1483 Henry anali atalumbira kale m'tchalitchi chachikulu cha ku Rennes kuti adzakwatira Elizabeth.

Mu Ogasiti 1485 anakocheza ku Milford Haven, ndipo pa 22 anakumana ndi Richard ku Bosworth. Richard anali atagwira mwana wa Stanley ngati chikole. Thomas Stanley anaima patali ndi anthu ake, koma mng'ono wake William anaponya asilikali ake mbali ya Henry pa nthawi imene Richard anathamangira kuti akamuphe ndi manja ake. Richard anafera pomwepo.

Ndiye yankho la funso lanu loyamba lilinso apa. Mpandowo unatengedwa ndi mkondo, ndipo mkondo unali m'manja mwa mwana. Henry ankadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: anadzivekeratu chisoti pa 30 Okutobala, Nyumba ya Malamulo inangolengeza kuti ufumu uli mwa iye ndi ana ake osafotokoza za mzere wa Beaufort, ndipo Elizabeth anamukwatira pambuyo, pa 18 Januwale 1486, kuti wina asadzati akulamulira m'dzina la mkazi. Onjezani ichi: Margaret anali mkazi wa mwini, ndipo pa lamulo lawo katundu wa mkazi wokwatiwa ankayendetsa ndi mwamuna. Kumulonga iye kukanakhala kulonga Stanley, ndipo nduna zinazo sizikanalola.

aPhiri_Katete

A Jere, pa za mkondo tagwirizana. Koma ndibwerere kwa Nyangu, chifukwa kufananako sikuli kopanda pake konse, kungoti kuli pamalo ena. Unyangu ndi udindo wokhazikika. Ulipo mfumu isanalongedwe, umalowedwa monga ufumu, ndipo wolowa ufumu amachokera m'nyumba imeneyo, mphwa osati mwana wa mfumu. Ana a Mwali, mkazi wa mfumu wa kwa Banda, salowa. Ku England kunalibe mpando wotero wa mayi wa mfumu amene sanakhalepo mfumukazi. Margaret anachita kuusema yekha. Nyumba ya Malamulo yoyamba ya Henry VII mu 1485 inamubwezera minda n'kulengeza kuti ndi feme sole, kutanthauza kuti pa lamulo aziyesedwa ngati mkazi wopanda mwamuna: agwire minda m'dzina lake, asumire ndi kusumiridwa payekha, Stanley ali moyo. Pabwalo ankatchedwa My Lady the King's Mother. Kuyambira cha m'ma 1499 ankasaina kuti Margaret R., ndipo R ameneyo angaimire Richmond kapena Regina, mfumukazi pa Chilatini. Ine ndimaona kuti kusamvekako ankakufuna.

Pamene afanana ndi mayi wa Chichewa mpakasamalidwe ka a bere lake. Mayi ake anali ndi ana ena kwa Oliver St John ndi kwa Lionel Welles, ndipo Margaret atakwera sanawaiwale. Mlongo wake John Welles anakwatira Cecily wa York, mng'ono wake wa mfumukazi. Ukwati umenewu unapindula pawiri: unakweza mlongo, unatsekanso njira yoti munthu wina wamphamvu akwatire mwana wa Edward IV n'kuyamba kuloza mpando.

NaTembo_Chadiza

Ndionjezepo za mmene ankayendetsera nyumba yake, poti ufulu wa papepala sudyetsa munthu. Mu 1499, mwamuna wake atavomera, analumbira pamaso pa bishopu kuti sadzakhalanso malo amodzi ndi mwamuna, n'kukakhazikika payekha ku Collyweston ku Northamptonshire. Stanley, amene tsopano anali Earl wa Derby, ankabwera ngati mlendo ndipo anali ndi zipinda zake. Anamwalira mu 1504. Nyumba yotere musaiyese khomo la banja limodzi. Inali boma laling'ono: wosunga chuma, alembi, akapitawo otolera msonkho wa minda m'zigawo zosiyanasiyana, owerengera mabuku chaka ndi chaka, ansembe ndi oimba a m'tchalitchi chake, ndi bwalo la aphungu limene linkaweruza milandu ya m'deralo m'dzina la mfumu. Pa ngongole analibe chibwana. Ankalondola ndalama zake ngakhale zakalekale.

Ndalamazo zambiri zinapita ku maphunziro, molimbikitsidwa ndi John Fisher, wansembe amene ankamuulula machimo. Mu 1502 anakhazikitsa mipando ya aphunzitsi a zaumulungu ku Oxford ndi ku Cambridge, imene ikutchedwabe dzina lake. Mu 1505 anakhazikitsa Christ's College ku Cambridge, ndipo St John's College inakhazikitsidwa mu 1511 ndi chuma chimene anasiya. Ankathandiza osindikiza mabuku William Caxton ndi Wynkyn de Worde, ndipo iye mwini anamasulira mabuku a mapemphero kuchoka m'Chifalansa.

Kanthu kamene kamandikhudza ine ndi ka mdzukulu wake, Margaret Tudor, wobadwa mu 1489. Pokambirana zomukwatitsa kwa James IV wa ku Scotland, kazembe wa ku Spain Pedro de Ayala analemba mu 1498 kuti Henry VII anamuuza zoti mkazi wake ndi mayi ake akukana kutumiza mwanayo msanga, poopa kuti mfumu ya Scotland sidzadikira ndipo idzamuvulaza. Mtsikanayo ananyamuka mu 1503, ali ndi zaka 13, ndipo ulendo wake wa kumpoto unadzera kwa agogo ake ku Collyweston, kumene anatsanzikana ndi atate ake. Kudzera mwa iyeyu ndi mmene James VI wa ku Scotland anadzalowera ufumu wa England mu 1603.

Margaret Beaufort anaika mwana wake m'manda: Henry VII anamwalira pa 21 Epulo 1509, ndipo mayi ake ndiwo anali wamkulu wa oyendetsa wilo yake. Anaona mdzukulu wake Henry VIII akuvekedwa chisoti pa 24 Juni, n'kumwalira pa 29 Juni, ali ndi zaka 66. Manda ake ali ku Westminster Abbey, m'chigawo chimene mwana wake anamangitsa. Chifanizo chake chamkuwa anaumba ndi Pietro Torrigiano wa ku Florence: nkhalamba yovala zaumasiye, manja a makwinya atagwirana popemphera.